Ndi mawiki ati oyenera kulowa m'kaundula wathu wa pa intaneti?

Nabanda_Kasungu

Moni nonse. Gulu lathu la aphunzitsi ndi achinyamata kuno ku Kasungu likukonza kaundula wa pa intaneti wa mawiki, mawebusaiti aja amene anthu ambiri amalemba ndi kusintha pamodzi, okhudza Malawi ndi zilankhulo zathu, kuti mwana wa sukulu wa ku Chamama kapena mlangizi wa zaulimi wa ku Santhe akafuna wiki ya nkhani inayake asamangoyendayenda pa Google mpaka bandulo kutha. Tinapempha anthu kuti atitumizire malinki ndipo abweradi, koma abwera osakanikirana. Muli Wikipedia ya Chichewa ndi ya Chitumbuka, zomwe palibe akutsutsa. Muli mawebusaiti otchedwa wiki koma opanda poti munthu n'kusintha kanthu. Muli kawiki ka kalabu ya kusukulu ka masamba ochepa, kena kamene kanasiya kulembedwa kalekale, angapo a pa Fandom (malo osungirako mawiki ambirimbiri), ina ya bungwe yofuna pasiwedi, ndi ina yongokopera nkhani za Wikipedia n'kudzazapo zotsatsa malonda.

Mu komiti tagawikana. Ena akuti tiike zonse, owerenga asankha okha. Ena akuti tiike malire, monga masamba 100 kupita m'tsogolo. Inu amene mumazidziwa bwino izi tithandizeni: muyeso wake ukhale wotani, ndipo munthu amayang'ana pati kwenikweni kuti atsimikize? Tikufuna ndondomeko yoti aliyense wa ife akaitsata azipeza yankho lofanana ndi la mnzake.

Mwale wa ku Kamwendo

Achemwali, komiti yanu yaphatikiza mafunso awiri ofunika kuyankhidwa lililonse palokha. Loyamba ndi loti kodi chinthuchi ndi wikidi. Lachiwiri ndi loti wikiyo ili ndi moyo wotani panopa. Loyambalo ndi lomwe liziweruza za kulowa kapena kusalowa. Lachiwirilo lisamaweruze, yankho lake muzingolilemba pambali pa dzina la wikiyo kuti wowerenga adziwiretu chomwe akukapeza.

Kuchokera pa wiki yoyamba ija ya Ward Cunningham ya mu 1995, chizindikiro chake sichinasinthe: masamba amasinthidwa pa webusaiti pomwepo ndi anthu oposa mmodzi, ndipo pa mawiki a masiku ano zomwe zinalipo kale sizitayika. Ndiye yang'anani zinthu zinayi. Tsamba lililonse likhale ndi podina kuti munthu asinthe, ngakhale pafunike kutsegula akaunti kaye. Likhalenso ndi mbiri yake yoonetsa amene anasintha, tsiku lake, ndi kusiyana kwa zakale ndi zatsopano. Webusaiti yonse ikhale ndi tsamba la zosintha zaposachedwa. Chomaliza, munthu wamba athe kuwerenga osafunsidwa pasiwedi. Dzina lokha lisakupusitseni. WikiLeaks inasiya kalekale kulola anthu wamba kusintha masamba, pomwe Appropedia ndi Energypedia ndi mawiki enieni.

Tsopano poyang'ana pake. Malinki ambiri mupeza kuti akuyendera MediaWiki, pulogalamu yomwe imayendetsanso Wikipedia. Kumapeto kwa adiresi, pamene pali dzina la tsamba, fufutani n'kulemba Special:Version. Likatseguka mwadziwa pulogalamu yake, mtundu wake ndi zowonjezera zomwe anaikamo. Kenako tsegulani Special:Statistics, kenako Special:RecentChanges. Mayina amenewa amagwira ntchito ngakhale wikiyo ikhale ya Chitumbuka kapena Chipwitikizi. Ikakhala DokuWiki, yomwe masukulu ndi timagulu ting'onoting'ono amaikonda poti siifuna database, onjezerani ?do=recent kumapeto kwa adiresi kuti muone zosintha zaposachedwa, ndi ?do=revisions kuti muone mbiri ya tsamba lomwe mulipolo. Webusaiti yomwe ilibe chilichonse chofanana ndi zimenezi, ndipo nkhani zake zasanjidwa potsata masiku ndi bokosi la ndemanga pansi, ndi webusaiti wamba. Ikhoza kukhala yabwino zedi, koma malo ake si m'kaundula wa mawiki.

Pa Special:Statistics ndi pomwe anthu ambiri amasochera, ndipo ndi chifukwa chake malire a masamba 100 aja sindikugwirizana nawo. Pali manambala awiri a masamba. Lalikulu limawerenga chilichonse: masamba a zokambirana, masamba a eni maakaunti, masamba a zithunzi, ndi aja ongotumiza munthu ku tsamba lina. Laling'ono ndi la nkhani zenizeni, koma nalonso lili ndi msampha wake. MediaWiki ikangoikidwa osaikonza mwina, imawerenga tsamba ngati nkhani pokhapokha mkati mwake muli linki imodzi yolozera tsamba lina la m'wiki momwemo. Kalabu ya kusukulu yomwe yalemba masamba 40 abwinobwino a mitengo ndi mbalame za ku Lifupa, koma ana osaphunzitsidwa kulumikiza masamba, ioneka ngati ili ndi nkhani zitatu basi. Pomwe wiki yomwe maroboti a sipamu, mapulogalamu odzilembera okha zotsatsa zosafunika, aidzaza ionetsa masamba 20,000. Malire anuwo atulutsa yoyenera n'kulowetsa yowola.

N'chimodzimodzi ndi chiwerengero cha anthu. Olembetsa onse sichikuuzani kanthu. Yang'anani cha anthu amene achitapo kanthu m'masiku 30 apitawa, chili pomwepo pansi pake.

Special:RecentChanges nayo simasunga mpaka kalekale. Wiki yosakonzedwa mwina imasunga za masiku 90, ndipo mawiki a Wikimedia, bungwe loyendetsa Wikipedia, amasunga za masiku 30. Mukaipeza yopanda kanthu mutasankha kuti ionetse masiku onsewo, zikungotanthauza kuti m'nthawi imeneyo palibe walembapo. Kuti mudziwe tsiku lenileni lomaliza, pezani api.php ya wikiyo, tsamba limene mapulogalamu amafunsirapo za wikiyo, kawirikawiri imakhala pa /w/api.php kapena /api.php, n'kuwonjezera ?action=query&list=allrevisions&arvlimit=10. Ikubweretserani zosintha 10 zomaliza ndi masiku ake, ngakhale zikhale za zaka zisanu zapitazo. Imadyanso data yochepa kuposa kutsegula masamba enieniwo.

Ngati komiti ikufunabe malire, aikeni pansi: masamba 10 olembedwa ndi anthu, kupatula tsamba loyamba, amene munthu angawerenge n'kutolapo kanthu. Wiki yomwe tsamba lake loyamba likadali ndi uthenga woti MediaWiki yaikidwa bwino ndiye sinayambe n'komwe. Auzeni eni ake abwerenso akalemba.

Mayi Naphiri, Mtunthama

A Mwale anena zoona pa za malire, koma a m'komiti oti ikani zonse asaone ngati apambana. Kaundula wolowetsa chilichonse amafa msanga kuposa wosankha, chifukwa munthu akadina malinki atatu n'kupeza a juga ndi a mankhwala abodza sabweranso, ndipo mphunzitsi sangawatumizeko ana.

Sipamu imaoneka chonchi. Tsegulani Special:Log/newusers. Mukapeza maakaunti akutsegulidwa mphindi zochepa zilizonse usana ndi usiku, mayina ake dzina lachizungu lophatikiza ndi manambala, ndiye maroboti alowa. Kenako dinani Special:Random kakhumi, muzilemba chomwe mwapeza. Masamba asanu kapena kuposa akakhala a ngongole zapompopompo, kubetcha kapena nkhani zosagwirizana ndi mutu wa wikiyo, wagwidwa. Muonenso Special:Log/delete ndi Special:Log/block. Wiki iliyonse yotseguka imalandira sipamu, imeneyo si nkhani. Nkhani ndi yoti alipo wochotsa kapena ayi. Mukaona kuti woyang'anira akufufuta ndi kutsekera maakauntiwo sabata ndi sabata, wikiyo ndi yamoyo ndipo ilowe. Mukaona kuti anafufuta komaliza zaka ziwiri zapitazo, ilembeni m'kaundula kuti yagwidwa ndi sipamu koma adiresi yake ikhale yosadinika mpaka itakonzedwa.

Fomu yanu yolandirira malinki nayonso maroboti omwewo aipeza. Ikanipo funso loti munthu wa kuno ayankha mosavuta koma roboti ayi, monga dzina la malo a okushoni ya fodya a m'boma la Kasungu. Yankho ndi Chinkhoma basi. Pa MediaWiki chowonjezera chotchedwa QuestyCaptcha chimagwira ntchito imeneyi, ndipo mafunso muziwasintha akayamba kudutsidwa.

Pambali pa wiki iliyonse pakhale chimodzi mwa zizindikiro izi, ndi tsiku lomwe munayang'ana. Yamoyo: munthu weniweni wasinthapo nkhani m'masiku 90 apitawa. Yogona: ikutseguka, ikuwerengeka, koma palibe walembapo kupitirira pamenepo. Yotsekedwa: eni ake anaimitsa dala kusintha koma mbiri ya masamba ikuoneka. Yagwidwa ndi sipamu. Yakufa. Tsikulo ndi lofunika kuposa chizindikirocho, chifukwa mawu oti yamoyo opanda tsiku sauza munthu chilichonse.

Yogona musaichotse. Wiki ya miyambi kapena ya mayina a zitsamba siwonongeka chifukwa choti palibe waigwira chaka chino. Mungosamala ndi ya mitengo ya mbewu, malamulo a msonkho kapena ndondomeko za boma, chifukwa imeneyo ikagona imasocheretsa. Lembanipo chaka chomwe inalembedwa komaliza poonekera.

Pa yakufa musafulumire. Kulephera kutseguka kuli ndi zifukwa zambiri ndipo uthenga womwe ukubwera umakuuzani. 404 ndiye kuti seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, ilipo koma tsambalo palibe, mwina angosuntha adiresi, choncho yesani adiresi yaikulu ya webusaitiyo. 500 kapena uthenga wa database ndiye kuti pulogalamu yasokonekera, kawirikawiri pamene kampani yosunga webusaiti yakweza PHP, pulogalamu imene MediaWiki imadalira, koma MediaWiki ndi yakale. 503 nthawi zambiri ndi ya kanthawi. Chenjezo loti malowa si otetezeka limabwera satifiketi ya chitetezo cha webusaitiyo ikatha, ndipo zoperekedwa ndi bungwe la Let's Encrypt zimatha pa masiku 90 ngati zodzikonzanso zokha zafa. Kungozungulira osatsegula kungakhale koti seva ili mu ofesi ndipo magetsi azima. Ndiye yesani katatu m'mwezi umodzi, masiku osiyana, nthawi zosiyana, pa netiweki zosiyana. Zikakanika konse katatu, lemberani eni ake. Papite mwezi wina musanalembe kuti yakufa.

Choopsa kwambiri ndi wiki yakufa yooneka ngati yamoyo. Eni ake akalephera kulipira domeni, dzina la adiresi ya webusaitiyo, wina amaigula n'kuikapo za juga. Adiresi ndi yomwe ija, ikutseguka bwinobwino, ndipo kapulogalamu kongoyesa ngati linki ikuyankha kakuuzani kuti zonse zili bwino. Ngati muika kapulogalamu kotero, kazifunsa api.php ndi kuona ngati dzina la wikiyo likubwera, osati kungoona kuti tsamba latseguka.

Yakufa isamafufutidwe m'kaundula. Sinthani linki ilozere ku Wayback Machine ya Internet Archive, yomwe imasunga makope akale a mawebusaiti, ndipo musankhe tsiku lomwe wikiyo inali isanawonongeke. Wikispaces, malo ena osungirako mawiki, itatseka mu 2018, mawiki ochuluka a aphunzitsi ndi masukulu anapita nayo, ndipo ambiri amene akupezekabe lero ndi amene wina anawasungiratu. Choncho tsiku lomwe mwavomereza wiki, lomwelo sungani tsamba lake loyamba ndi masamba akuluakulu pa Wayback Machine. A WikiTeam, gulu la anthu odzipereka losunga mawiki, ali ndi zida zokopera wiki yonse pamodzi ndi mbiri yake, ngati laisensi ikulola.

Werengeraninso mphamvu zanu. Kuyang'ana wiki imodzi bwinobwino kumatenga mphindi ngati 10. Mawiki 60 ndi maola 10, anthu asanu ndiye maola awiri aliyense. Kuchita zimenezi kawiri pa chaka n'kotheka. DMOZ, kaundula wamkulu wa mawebusaiti wolembedwa ndi anthu odzipereka, inatchuka ndi kudikiritsa anthu nthawi yaitali asanayankhidwe, ndipo inatsekedwa mu Malichi 2017. Musalandire zoposa zomwe mungathe kumabwererako.

Mbewe_Mkanda

Ine ndigwireko za yokopera ija ndi za pa Fandom, poti sizinakhudzidwe.

Pali kukopera kwa mitundu iwiri. Wina amangotenga nkhani za Wikipedia n'kuziika pa adiresi yake kuti adyepo za otsatsa malonda. Wina amatenga nkhanizo n'kuyamba nazo gulu lake lolemba, nkhani n'kumakula mosiyana ndi kumene zinachokera. Wikivoyage, wiki ya za maulendo, inayamba chonchi kuchokera ku Wikitravel, ndipo kuyambira mu 2013 ili pansi pa Wikimedia ndi alembi akeake. Yachiwiriyi ilowe, yoyambayo ayi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Koperani chiganizo chimodzi chapakati pa nkhani, muchiike pa Google mkati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, muone komwe chikupezekanso. Kenako tsegulani mbiri ya masamba atatu. Mukapeza kuti onse anaikidwa ndi akaunti imodzi tsiku limodzi ndipo palibe wagwirapo kuchokera pamenepo, ndi yongokopera. Wowerenga mutumizeni ku gwero, kumene zolakwika zimakonzedwa.

Kukoperako pakokha si kuba. Nkhani za Wikipedia zili pansi pa laisensi ya CC BY-SA, yomwe imalola aliyense kutenga bola atchule kumene watenga ndi kugawanso pa laisensi yomweyo. Yomwe yachotsa dzina la gwero n'kulemba kuti zonse ndi zake yaphwanya laisensiyo, ndipo chimenecho ndi chifukwa chachiwiri choikanira.

Laisensi muziilemba pa wiki iliyonse. Imapezeka pansi penipeni pa tsamba kapena pa bokosi losinthira. Yopanda laisensi musaikane, mawiki ang'onoang'ono ambiri sanaganizireko n'komwe. Ingolembani kuti sinatchulidwe, kuti mphunzitsi wofuna kusindikiza masambawo n'kugawira kalasi adziwe kuti ayenera kupempha kaye. Lamulo lathu la Copyright Act la 2016 limateteza cholembedwa ngakhale mwini wake sanalembepo chenjezo lililonse. Wiki yomwe yadzaza ndi mabuku a sukulu ojambulidwa athunthu popanda chilolezo, imeneyo isalowe.

Fandom, Miraheze ndi ShoutWiki ndi malo osungirako mawiki ambirimbiri a anthu osiyana. Musalembe Fandom ngati wiki imodzi. Iliyonse iyesedwe payokha ndi muyeso wa a Mwale uja, kenako mulembe kumene ikusungidwa. Kulembako kuli ndi phindu kwa wa bandulo yaing'ono, chifukwa masamba a Fandom amabwera ndi zotsatsa ndi mavidiyo olemera, pomwe Miraheze ilibe zotsatsa. Koma Miraheze imatseka mawiki ogona nthawi yaitali ndipo pambuyo pake ikhoza kuwafufuta, ndiye ogona a kumeneko muziwasungiratu. Chinanso, gulu likasamuka pa Fandom, wiki yakaleyo kawirikawiri imatsala pomwepo ndipo Google imapitiriza kuionetsa pamwamba. Mupeza mawiki awiri a dzina limodzi. Lembani kumene alembi ali panopa, yakaleyo muitchule m'munsi mwake.

Wikipedia ya Chichewa pa ny.wikipedia.org ndi ya Chitumbuka pa tum.wikipedia.org zilembedwe padera, chifukwa iliyonse ili ndi alembi, malamulo ndi mbiri yakeyake. Zoyeserera za zilankhulo zomwe zikadali pa Wikimedia Incubator, pomwe mawiki a zilankhulo zatsopano amayambira, zilowe nazo, linki ilozere ku gawo la chilankhulocho. Adiresi ya pa foni yokhala ndi m. ndi wiki yomweyo, musaiwerenge kawiri.

Malire a dziko asakumangeni. Kuno ku Mchinji munthu akangodutsa pa Mwami wafika kwa anthu a chilankhulo chomwechi, ndipo wiki yolembedwa ku Chipata kapena ku Katete ndi yathu yomwe. Kungoti kumeneko amalemba c pomwe ife timalemba ch, ndiye posakira pa kaundula wanu pakonzedwe kuti wolemba Chinyanja apezenso za Cinyanja, wolemba chimanga apezenso cimanga. Chilankhulo muzichilemba ndi chizindikiro chimodzi, ny, kuti zisabalalike.

Mawiki akuluakulu a dziko lonse amene ali ndi gawo la Malawi, monga Energypedia pa nkhani za magetsi ndi mbaula, alowe koma linki ipite ku gawo la Malawilo. Kungotchula Malawi pa tsamba limodzi sikokwanira.

Kiwix si wiki. Ndi njira yowerengera Wikipedia popanda intaneti, ndipo palibe angasinthe kanthu mmenemo. Ndi yothandiza kwambiri m'masukulu akumidzi, ndiye ipatseni malo ake pa tsamba lina la zothandizira.

Pomaliza, kuyambira pamene Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, pali masamba ochuluka omasuliridwa ndi makina osawerengedwanso ndi munthu. Werengani masamba atatu mokweza. Khutu limva pomwe magulu a mayina sakugwirizana ndi aneni, kapena pomwe mawu amodzi amasuliridwa mosiyana m'ndime imodzi. Ngati alipo anthu akukonza, ilowe ndi chizindikiro choti zambiri n'zomasulira ndi makina. Ngati palibe, iyesedwe ngati yokopera.

Nabanda_Kasungu

Zikomo kwambiri a Mwale, mayi Naphiri ndi a Mbewe. Za malire a 100 zija tizisiya. Zatsala ziwiri zomwe zikutivuta. Ya bungwe yofuna pasiwedi ija eni ake akulimbikira kuti ilowe poti ndi ya chitukuko cha kuno konkuno. Ndipo pali ina ya zachikhalidwe yomwe pa muyeso wonse mwanenawu ikukhoza, ndi yamoyo, ilibe sipamu, koma ili ndi masamba ofotokoza za kudambwe mwatsatanetsatane, ndiponso masamba a midzi otchula anthu mayina ndi manambala a foni. Apa tiweruze bwanji?

Chisale wa ku Nkhamenya

Mayi, ya pasiwedi ija yankho lake a Mwale apereka kale. Kaundula ndi wa owerenga, ndipo wowerenga akafika pa khomo lokhoma mwamudyera data pachabe. Kuipatsa malo kungaikenso bungwelo pa ngozi, chifukwa mwalengeza adiresi ya malo awo a mkati kwa aliyense wofuna kuyesa mapasiwedi. Auzeni kuti akatsegula gawo lina loti anthu onse awerenge, gawo limenelo lilowa. Yosiyana ndi iyi ndi wiki yoti aliyense akhoza kuwerenga koma olemba ndi oitanidwa okha. Imeneyo ilowe, mungolembapo kuti kulemba n'koitanidwa.

Za mayina ndi manambala a foni ndiye zofunika kuuma nazo mtima. Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024, kuwonjezera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo kufalitsa za munthu popanda chilolezo chake si nkhani yopepuka. Dzina la mfumu, la khansala kapena la mphunzitsi wamkulu pa tsamba la mudzi ndi la ntchito yodziwika kale. Koma mndandanda wa anthu wamba ndi manambala awo, manambala a chiphaso cha unzika, za matenda awo, kapena mayina a olandira Mtukula Pakhomo, amenewo ndi chakudya cha akuba a pa foni aja oimba n'kumati ndalama zanu zatuluka, tumizani kaye ya fomu. Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo olandira ake ambiri ndi okalamba ndi mabanja osowa wowagwirira ntchito, omwe kuwanamiza n'kosavuta. Wiki yotero iimitseni kaye, mulembere oyang'anira ake kuti achotse. Muwakumbutse kuti kungofufuta mawu pa tsamba sikokwanira, chifukwa zakalezo zimatsala m'mbiri ya tsambalo ndipo aliyense akhoza kuzitsegula. Pa MediaWiki afunika kubisa zosinthazo ndi RevisionDelete, kapena kufufuta tsamba lonse n'kuliyambanso. Mukatsimikiza m'mbirimo kuti zachokadi, ilowe. Ndipo wiki imeneyi musaisunge pa Wayback Machine isanakonzedwe.

Za Gule Wamkulu n'zosiyana pang'ono. UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo zambiri za iye zimaonekera pabwalo, pa maliro, pa kulonga mfumu, ndi pa Kulamba ku Mkaika. Wiki yofotokoza zimenezi ikugwira ntchito yabwino. Koma za kudambwe eni ake anazisunga dala, ndipo kaundula wolembedwa ndi anthu a ku Kasungu sanganamizire kusadziwa. Ine ndikuti yang'anani cholinga. Ngati wikiyo inakhazikitsidwa kuti iulule ndi kunyoza, isalowe. Ngati ndi ya chikhalidwe chonse ndipo masamba otero ndi awiri kapena atatu, kambiranani ndi oyang'anira ake, ndipo mufunse mafumu ndi akuluakulu a mwambowo musanagamule. Komiti ya aphunzitsi isadzipatse udindo wonena chomwe chili chinsinsi ndi chomwe sichili.

Onjezeraninso ziwiri pa zokaniratu: yogulitsa kapena kugawa mapepala a mayeso a MANEB asanalembedwe, ndi youza anthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala monga ma ARV.

Pa kaweruzidwe, wiki iliyonse iyang'anidwe ndi anthu awiri, aliyense payekha, asanaonetsane zomwe apeza. Akasiyana, wachitatu agamule. Amene amalemba nawo pa wikiyo kapena ndi wa bungwe lake asakhale mwa awiriwo. Yokanidwa ilandire chifukwa cholembedwa m'chiganizo chimodzi, ndi chomwe eni ake angakonze kuti abwerenso pakatha miyezi itatu. Ndalama kapena bandulo yothokozera musalandire kwa wopempha aliyense.

Mwale wa ku Kamwendo

A Chisale, pa za manambala a foni tili limodzi, koma pa zokanira ndikupempha kuti mndandandawo ukhale wotseka. Zifukwa zilembedwe poyera pa kaundulayo, ndipo chomwe sichili pamenepo chisakhale chifukwa. Mukasiya khomo lotseguka, mawa wina akana wiki ya mpingo womwe sagwirizana nawo, mkuja wina akana ya chipani, kenako ya Chitumbuka poti iye sachimva. Kulowa m'kaundula sikutanthauza kuti komiti yavomereza zolembedwamo, ndipo mawu amenewa alembedwe pamwamba pa tsamba loyamba. Pa za kudambwe, kufunsa mafumu n'koyenera, koma zomwe agamule zilembedwe ngati lamulo la mawiki onse, osati la imodzi yokha.

Achemwali a Nabanda, mzere wa wiki iliyonse ukhale ndi izi: dzina, adiresi, chilankhulo, mutu m'chiganizo chimodzi cholembedwa ndi inu osati chokopera kwa eni ake, pulogalamu, kumene ikusungidwa, amene angalembe, laisensi, chizindikiro cha moyo, tsiku loyang'ana, ndi zilembo zoyamba za mayina a oyang'ana awiri aja. Chiwerengero cha masamba mukachiika chikhale ndi tsiku lake. WikiIndex, kaundula wa mawiki a dziko lonse, imalemba zofanana ndi zimenezi pa tsamba la wiki iliyonse, ndiye kaoneniko kasanjidwe kake musanayambe kwanu.

Musanalengeze ndondomekoyi, iyeseni pa malinki 10 mwa omwe muli nawo kale, mosakaniza ophweka ndi ovuta. Anthu awiri aweruze onse 10 aliyense payekha. Akasiyana pa oposa awiri, vuto lili m'mawu a ndondomekoyo, ndiye pezani chiganizo chomwe achimva mosiyana, muchikonze, muyesenso pa ena 10.